Mphuno Zinayi za Kudenga

Kanpur, 2 Ogasiti 1998

Mayi a Sugandha,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, kupatula bondo lija limene limalosera mvula kuposa wailesi. Kodi njati yabereka? Mundiuze. Ndipo iwe Sugandha, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera amayi ako, ndiye werenga zonse, usadumphe mizere monga unachitira pa nkhani ya fodya wanga ija.

Za kuno nazi. Mukudziwa kuti mafuta ophikira a m'zitini amene timapanga salimba okha, timawalimbitsa ndi mpweya wa haidrojeni. Mpweya umenewu ndi mfiti yeniyeni. Sununkha, suoneka, ndipo ukayaka masana lawi lake silioneka. Zaka zonsezi takhala tikulowa m'nyumba ya mathanki tsache lili patsogolo, kuti likapsa tsachelo tidziwe kuti pali moto tisanaulowe ndi nkhope. Koma tsache limadziwa moto woyaka kale basi. Tsopano abwana agula tizipangizo tinayi tonunkhiza mpweyawo usanayake. Anzanga akutcha tizipangizoti mphuno. Tazipachika kudenga, chifukwa mpweya umenewu ukathawa m'paipi umakwera m'mwamba. Mphuno ikaumva, belu limalira ndipo makina onse amaima. Woziyang'anira ndine, mwamuna wanu yemweyu amene mumati sangasunge ngakhale singano.

Mphuno iliyonse ili ndi kasefa kachitsulo kokhala ndi timabowo tosaloweka ndi tsitsi. Injiniya amene anazibweretsa anachita kundigwira paphewa, amvekere, “Baijnath, utoto, mafuta, chilichonse chikamata kasefa aka, mphuno yafa. Ndipo choipa nchakuti kagetsi kake kobiriwira kamayakabe ngati ili moyo.”

Sabata ino belu lalira katatu. Ndinakwera makwerero ndi madzi a sopo nkupaka polumikizira paipi ya thanki yachiwiri, ndiye thovu linachita kuwira. Labala yapakati yatha. Kuti tiisinthe pafunika kutseka fakitale masiku khumi.

Nditawauza asewere athu a Tribhuvan, amene ndi kapitawo wathu kuno, nkhope inagwa. Akuti, “Agalu ako anayi aja akuuwa mphepo. Chikondwerero cha Diwali chili pakhomo, dziko lonse likufuna mafuta okazingira, iwe ukuti titseke? Mutu ukuyenda bwino?” Ine ndinati, “Asewere, bwerani mudzaone thovu.” Iwo amvekere, “Thovu ndimaliona pometa ndevu.” Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma iwo sanaseke.

Mwana wawo Chandrabhan ndi amene anandigwirira makwerero. Mkamwini tinasankha ndithu. Makina amawadziwa, ulemu ali nawo. Anafunsa ngati kumudzi onse ali bwino, koma “onse” wakeyo anamunena akuyang'ana pansi. Novembala akuchedwa kwa iye. Nsalu za ukwati mwayamba kusoka?

Ndine mwamuna wanu,
Baijnath


Bhelwa, 14 Ogasiti 1998

Bambo a Sugandha,

Ndikugwira mapazi anu mwaulemu. Kuno tili bwino. Njati yabereka yaikazi, mkaka ukutuluka wambiri. Bondolo muzilipaka mafuta a mpiru, musamangolitamanda.

Tsopano tamverani. Dzana kunabwera asewere aakazi, a Kaushalya. Ndinawayalira mphasa, ndinawaphikira tiyi wamkaka, sanamukhudze ngakhale kunyambita. Anangokhala ngati ameza mtengo, kenako nkumati, “Amuna anu akula masiku ano. Tamva kuti akuphunzitsa kapitawo ntchito pamaso pa anthu.” Ine manyazi! Ndinasowa poyika maso.

Kodi inuyo chakulowani nchiyani? Ntchito imeneyo anakupezerani ndi a Tribhuvan omwewo. Mwana wathu akukalowa m'nyumba mwawo Novembala yemweyu. Tate wa mkazi sakweza mawu kwa tate wa mwamuna, zimenezi mukufuna ndikuphunzitseni ine? Zaka zonsezi mwakhala mukuyenda ndi tsache lanu, simunafe. Lero akupachikirani tizitini kudenga, basi mwasanduka injiniya. Ngati pali chovuta kawauzeni kumbali, muli awiri, mutanyamula maswiti. Liuma lanu ndimalidziwa, ndakhala nalo zaka makumi awiri ndi zitatu, koma musaliphikire mwana wanga.

Mvula ikugwa usana ndi usiku, mtsinje wafika pa munda wa nzimbe. Tiuzeni ngati tchuthi cha ukwati akupatsani, komanso ngati mwapeza ziwiya zamkuwa zija.

Ndine mkazi wanu,
Phulwanti

Bambo, ndikugwira mapazi anu. Sindinadumphe mzere ngakhale umodzi. M'kalatamu ndayikamo mpango woti muzipukutira thukuta. Ngati muli nawo kale wina, mukhoza kupatsa aliyense amene alibe. Sugandha.


Kanpur, 27 Ogasiti 1998

Mayi a Sugandha,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Mukaona zilembo zikupendama musadabwe, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja andithyola zala zitatu.

Zinayamba chonchi. Belu linakhala chete masiku anayi, mtima wanga osakhazikika. Nditakwera ndinapeza mphuno zonse zinayi zavekedwa majumbo, zamangidwa ndi mphira. Ndinang'amba majumbowo. Pasanathe ola belu linalira, makina nkuima, ndipo abwana anawakalipira a Tribhuvan pabwalo, tonse tikumva.

Lachiwiri masana ndikuchokera kodya, kuseri kwa nyumba yosungira zitini, ndinakumana ndi amuna awiri osawadziwa. Mmodzi anafunsa, “Ndiwe wa agalu uja?” Ndisanayankhe paipi inali itatera kale m'nthiti. Ndinagwa. Anandiponda kumaso, mano awiri ndinawalavulira m'matope. Wamkuluyo anaponda mkono wanga, nayala dzanja pa njerwa, amvekere, “Ndi ili limakwera makwerero?” Anamenya ndi sipanala chala chimodzichimodzi, akuwerenga. Ndinakuwa ngati mbuzi pophedwa, sindikubisirani. Anthu anali panja ambiri, dzuwa lili pamutu, koma aliyense anapeza choyang'ana kwina. Anandinyamula ndi Chandrabhan, akulira, magazi anga ali pamalaya ake onse. Sakudziwa amene anawatuma. Ine sindinamuuze.

Dzulo asewere anabwera kuchipinda kwanga atanyamula bokosi la maswiti. Anakhala pabedi langa nkumandisisita phazi. Akuti, “Pepa m'bale wanga, mzinda uno waipa.” Kenako ananena chimene anadzera. Pa 17 Seputembala ndi tsiku la Vishwakarma, mulungu wa amisiri, pamene timatsuka makina onse, kuwaveka nkhata za maluwa ndi kuwapaka utoto wofiira wosakaniza ndi mafuta. Akuti, “Chitsulo chilichonse chimadalitsidwa, ndiye mphuno zako ndi zayani kuti zisadalitsidwe? Tizipaka. Palibe angatsutse za mulungu. Iwe ungosayina pepala loti wazipima, zili bwino. Diwali ikadutsa labala yako tidzasintha.” Ndinati, “Ndikakana?” Anatola switi imodzi nkudya, amvekere, “Atsikana ofuna Chandrabhan ndi ambiri. Koma mtsikana wobwezedwa chinkhoswe chitachitika, kwathu kuja amamufunsira ndani?”

Mayi a Sugandha, ndagwira njakata. M'nyumba ya mathanki mumagwira amuna makumi atatu. Ndikasayina ndawatseka mphuno onsewo. Ndikakana ndamupha mwana wanga ali moyo. Mutu wanga sukugwira, ndiye ndiuzeni inu. Mukati mwana, ndisayina. Mukati kanani, ndikana, zibwere zimene zibwere. Mawu anu ndi amene nditsate. Yankhani msanga.

Sugandha, mpango wako ndinaupereka kwa munthu wina amene analibe. Chilembo cha C chimene unapeta pakona chinandithandiza kumupeza.

Baijnath


Bhelwa, 6 Seputembala 1998

Bambo a Sugandha,

Ndikugwira mapazi anu, ngakhale mtima ukukana. Madzi adzaza paliponse, msewu wadulidwa, ndipo kalata iyi ndapatsira munthu wa bwato kuti akaiponye ku positi ya ku Chhapra.

Zonse ndamva. Za mphuno zanuzo, za utoto, za dzanja lanu, ndamva zonse, ndipo sindikufuna kumvanso china.

Mukudziwa zimene zachitika kuno? Lachisanu a Kaushalya anamupeza Sugandha pa mjigo, akazi ali mbwee. Anamugwira mkono nkuvula zibangili za chinkhoswe zija mokakamiza, moti khungu linasupuka, magazi chuchuchu mpaka m'chigongono. Akuti, “Zikhale kaye kwathu mpaka bambo ako aphunzire kugwada.” Mwana anabwera mtsuko wausiya komweko. Lero ndi tsiku lachitatu asanaike kanthu kukamwa. Ine sindingapite ngakhale kokagula mchere, anthu akuchita kutuluka m'nyumba kudzandiona.

Ndiye yankho langa ndi ili. Mwana. Mwamva? Mwana! Pitani mukavule nduwira yanu muyike pamapazi pawo. Chimene akufuna chitani. Akafuna kupaka utoto apake, apake ngakhale pamphumi panu. Dzanja lidzapola, koma dzina la mtsikana likathyoka palibe sing'anga wake. Mukapitiriza makani anuwa, musadzabwerenso pakhomo pano kudzandifunsa madzi akumwa.

Phulwanti

Bambo, ndalemba monga anenera amayi. Ine ndilibe mawu. Sugandha.


Kanpur, 15 Seputembala 1998

Mayi a Sugandha,

Moni nonse. Kalata yanu yafika dzulo. Ndaiwerenga kanayi, ndikuyesa kuti mwina ndapenya molakwa. Mwamva za dzanja langa, mwamva za amuna makumi atatu, ndipo mwati mwana. Chabwino. Ndinalonjeza kutsata mawu anu.

Ndapita. Nduwira ndayika pamapazi pawo, pamaso pa anthu awo. Anandidzutsa nkundikumbatira, nthiti zothyokazi zikulira. Ndasayina ndi dzanja lamanzere. M'mawa uno ndawagwirira ndekha makwerero pamene amapaka mphuno zanga utoto, wonenepa ngati phala, ina ndi ina mpaka zonse zinayi. Timagetsi tonse tikuyaka mobiriwira. Belu lili zii, ndipo anthu akuti mulungu wawaweta agalu a Baijnath.

Ndikudzitonthoza kuti mkuja makina sayenda, ndi tsiku lopembedza. Polumikizira paja ndamanga ndi dzanja limodzi mmene ndathera. Mazenera a kudenga ndidzawatsekula m'mawa, ndipo ndidzatsogola ndi tsache ngati kale. Asewere akuti zibangili zibwerera sabata ino. Akutinso mbale ya nyali zodalitsira makina chaka chino adzanyamula ndi Chandrabhan, poti ndi mkwati.

Sugandha, idya mwana wanga. Bambo ako agwada.

Baijnath


Bhelwa, 16 Seputembala 1998

Bambo a Sugandha,

Mayo ine! Musasayine! Mwamva? Musasayine kanthu!

Kalata yanu ya pa 27 Ogasiti yafika lero lomwe lino, yonyowa, itakhala masiku makumi awiri m'thumba la positi kutsidya kwa madzi. Ine sindinaione pamene ndimakulemberani zija. Pamene ndimati ndamva zonse, ndimanena zimene anandiuza Kaushalya. Iye anati munagwa pa makwerero nkubinya dzanja, ndipo mukukaniza utoto wa mulungu pa makina chifukwa cha matama. Ine chitsiru ndinameza. Sindimadziwa kuti anakuswani zala pa njerwa. Sindimadziwa za amuna makumi atatu. Mukunditenga ine ngati mkazi woti angamve zimenezo nkunena kuti gwadani?

Sugandha atafika pa sipanala paja anaima, koma ndinamuuza amalize yonse. Ndinamulanda kalatayo, ine wosadziwa kuwerengane, ndi kuthamanga nayo m'madzi ofika m'mawondo mpaka kwa Kaushalya. Ndinamupeza akukanda ufa. Ndinamugwira tsitsi nkumukokera pabwalo, ndikuti, “Tuluka, mkazi wa chigawenga! Uwauze anthu amene anathyola mwamuna wanga!” Anandiluma pamkono, ine ndinamuswa mlomo ndi mpini wake womwe wopangira chapati. Anatilekanitsa ndi amuna anayi. Nsalu zawo zonse za chinkhoswe ndaziponya m'matope pakhomo pawo. Mudzi ulankhule, ndatopa nawo.

Ukwati uthe. Mwana wanga akhale pakhomo mpaka imvi, ndidzamudyetsa ndi njati yanga, koma sakalowa m'nyumba ya anthu oswa mafupa. Mphunozo asazikhudze. Akakana, kaimeni pachipata mukuwe kuti anthu asalowe, kenako mukwere sitima mubwere. Ndikhululukireni mawu aja a madzi akumwa. Pakamwa panga mumapadziwa.

Mkazi wanu,
Phulwanti

Bambo, amayi anena zoona, musasayine chifukwa cha ine. Ndayamba kudya. Koma chinthu chimodzi chokha, ndipo ichi amayi sanandiuze kuti ndilembe. Muuzeni Chandrabhan asalowe m'nyumba ya mathanki. Munene kuti ndanena ndine. Iye alibe mlandu. Sugandha.


Kanpur, kuchipatala, 29 Seputembala 1998

Mayi a Sugandha,

Moni. Ndili moyo, yambani mwamva zimenezo. Akundilembera ndi anamwino a Philomena, chifukwa manja onse awiri ali m'mabandeji ndipo diso lamanja lapita. Ndawapempha alembe monga ndikunenera, asakometse.

Tsiku lija ndinalawira kukatsekula mazenera a kudenga. Nditabwerako kosamba ndinapeza anthu akongoletsa. Anali atakunga chinsalu chachikasu pansi pa denga lonse, kuchokera khoma ili mpaka ilo, mazenera anga onse ali kuseri kwake. Mpweya unalibenso potulukira. Ndinayang'ana mphuno, zinayi zonse zavala maluwa, timagetsi tili biriwiri. Ndinayesa kutchera khutu ku thanki yachiwiri, koma ng'oma zinali zitayamba.

Cha m'ma teni koloko gulu linafika pakhomo, wansembe patsogolo, Chandrabhan pambali pake atanyamula mbale ya nyali zisanu zoyaka. Mphamvu ya pepala lija inandithera pomwepo. Ndinataya tsache nkuima pakhomo manja tambalale. Ndinati, “Moto usalowe! Mphuno zafa, ndinasayina bodza!” Anthu anaseka, ena amvekere, “Galu wamkulu wayamba.” Ndinati, “Chandrabhan, mwana wanga, zimitsa nyalizo.” Anaima, nayang'ana bambo ake. A Tribhuvan anandigwira pakhosi, amvekere, “Lero lokha usatiyalutse,” nandikankha. Ndinagwera kunja, kuseri kwa khoma la njerwa. Kukankha kumeneko ndi kumene kwandisiya moyo. Ndikudzuka ndinamva akunena kuti, “Lowa mwanawe, kweza mbale, thanki ilandire dalitso.”

Phokoso lake sindinalimve, makutu anangotseka. Ndinaona malata a denga akuuluka kupitirira msewu. Chitseko chachitsulo chinamudula pakati wansembe. Jagrup woyimba ng'oma anatuluka akuthamanga, moto osaoneka pa iye, koma khungu la kumsana likusendeka lokha, mpaka anagwa pa mjigo. Kenako mafuta a m'mathanki anagwira, ndipo moto umenewo tinauona tonse. Ndinalowa. Ndinakoka munthu mmodzi mwendo, wachiwiri ndinamugwira mkono koma mkonowo unabwera wokha. Manja anga anapsera pamenepo.

Afa anthu asanu ndi awiri. Wansembe, Jagrup, Mewalal, Idris wowotcherera, Sukhdeo ndi mng'ono wake Ramphal. Pabedi panga pali wapolisi, ndipo mwendo wanga aumangirira ku chitsulo ndi unyolo, chifukwa pepala lonena kuti mphuno zili bwino lili ndi dzina langa. Sindikukana. Ndawauza zonse, za majumbo, za sipanala, za utoto, koma dzina ndi langa ndithu.

A Tribhuvan ali moyo, anapsa nsidze zokha. Dzana analowa muno, nandimenya ndi chitsulo chopachikira madzi a m'mitsempha mpaka mabala anatseguka, akukuwa kuti, “Bwanji sunandiletse? Unkadziwa iwe, bwanji sunandiletse?” Wapolisi atawagwira anakhala pansi pa simenti nkuyamba kudziguguda mutu kukhoma. 

Kalata yanu ya pa 16 inafika pa 24. A Philomena andiwerengera kawiri. Musadzidye mtima, mayi a Sugandha. Inu munayankha funso limene simunalimve. Ine ndinaona thovu ndi maso anga, komabe ndinafuna wina andisankhire. Mlomo wa Kaushalya mwauswa, koma tsopano mumusiye, akulira.

Sugandha, mwana wanga, ndinakuuza kuti usamadumphe mizere, ndiye usadumphe. Ndati asanu ndi awiri koma ndatchula asanu ndi mmodzi, ndipo ndikudziwa kuti wawerenga. Uthenga wako unafika patatha sabata chitenthereni mtembo wake kumtsinje. Ukanafika, akanamvera, chifukwa pakhomo paja anaima. Mbale ya nyali inali yotentha, ndiye anaigwirira ndi mpango wako.

Mzere wotsatirawu uwerenge mokweza, ndi wa amayi ako.

Mayi a Sugandha, mugwireni mwanayo, agwa.

Baijnath